Pilu ndi Nyanja Yothawa

MUTU WACHISANU

1. Kubetcherana kwa asuweni

M'mawa wa tsiku lokatsitsa nkhosa kumapiri, Pilu anadzuka amayi ake asanatereke khofi. Chaka chimenecho anali atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo kanali koyamba kuti bambo ake, a Sofus, amulole kukwera hatchi pamodzi ndi abusa. Zaka zonse zam'mbuyomo ntchito yake inali kutsegula ndi kutseka chipata cha khola, uku akumeza fumbi la nkhosa zobwera ndi anthu ena.

Nyengo yofunda inali itatha. Udzu wa m'mapiri unali utafiira, ndipo m'mawa uliwonse madzi a m'zithaphwi ankapezeka atagwira ayezi pamwamba. Nkhosa zimene zinakhala miyezi yonseyi zikudya mwaufulu kutsidya kwa Chigwa cha Mchenga zinayenera kubwerera kumudzi chipale chofewa chisanagwe.

Pabwalo panali piringupiringu. Anthu a m'mafamu oyandikana anali atafika pa maboti kudzathandiza, monga timachitira kuno kwathu: lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Agalu ankauwa, mahatchi ankapalasa pansi, ndipo Kunuk, mwana wa malume ake a Pilu, ankazungulirazungulira pa hatchi yake yakuda kuti aliyense aione bwino.

Ataona Pilu akumanga chishalo pa Khofi, Kunuk anaima. Khofi inali hatchi yaikazi yokalamba, yamimba ngati mgolo, imene inkathamanga pokhapokha ikaona chakudya.

"Msuweni, watenga kamba wokwanira?" anafunsa Kunuk. "Ndi gogo ameneyu, ukafika kumapiri nkhosa zitabereka kale ana a chaka chamawa."

Pilu anayankha osatembenuka n'komwe kuti liwiro silithandiza munthu wosadziwa kumene akupita. Anamukumbutsa za chaka chatha, pamene Kunuk anakwera phiri lonse kulondola mwala woyera akuuyesa nkhosa. Abusa anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Woseka kwambiri anali a Jokum, mnansi wawo wandevu zambiri, amene phwete lawo linkamveka mpaka kudoko.

A Jokum omwewo ndi amene anayambitsa zobetcherana. Anati asuweni akamatsutsana pamafunika mboni, ndipo iwo analipo. Anagwirizana kuti amene atsike ndi nkhosa zochepa ndiye azikokolola ndowe m'khola lalikulu nyengo yonse yozizira, mnzake ali phee m'nyumba. Asuweniwo anagwirana chanza, aliyense akufinya dzanja la mnzake kuti amve kuwawa.

2. Chenjezo la a Enok

Bambo ake a Kunuk, a Enok, sanali kupita nawo chaka chimenecho. Bondo lawo linali litatupa, ndiye anangokhala pa sitepe ya thirakitala, mwendo atautambasula. Gulu litatsala pang'ono kunyamuka, anakodola ana awiriwo.

"Ndamva kuti inu awiri akutumani kumtunda, kufupi ndi Nyanja Yothawa," anatero a Enok. "Tcherani khutu, chifukwa sindibwereza.

"Nyanja ija ilibe mtsinje wotulukira. Chimene chimaitchinga ndi lilime la ayezi lotsika kuchokera ku Ayezi Wamkulu, uja anakuta mtunda wonse kuseri kwa mapiri. Nyengo yofunda iliyonse madzi osungunuka amathira mmenemo, nyanja n'kumakwera, n'kumakwera. Tsono mukudziwa chimene ayezi amachita m'madzi: amayandama. Madzi akafika pa msinkhu wake, amanyamula lilime lija pang'ono chabe, monga nyanja yamchere ikadzaza imanyamulira boti limene munalisiya pamchenga. Pamenepo madzi apeza kampata pansi.

"Kampatako poyamba n'kakang'ono ngati una wa nkhandwe. Koma madzi akamadutsa amasungunula makoma ake. Kampata kakakula, madzi amachuluka. Madzi akachuluka, kampata kamakulirakulira. Zimene zinatenga zaka kudzaza zimatha m'masiku ochepa. Ndipo madzi onsewo njira yawo ndi imodzi: Chigwa cha Mchenga, mmene muti mudutse ndi nkhosa lero."

Kunuk anakanda m'mutu n'kunena kuti mawu amenewa amawamva chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse amawoloka bwinobwino. A Enok anamuyang'ana mpaka mnyamatayo anaweramitsa nkhope.

"Mtsinje wa tinkanena unathera mu siizi, mwanawe. Yatha zaka zingapo nyanja ija isanathawe, ndipo pamene ndinakaiona mwezi wathawu inali itadzaza mpaka m'khosi. Amati tsoka silinunkha, koma ili limanunkha ngati dzira lovunda. Vuto lake n'lakuti ukamva fungolo uli pakati pa chigwa, wachedwa kale. Chizindikiro choyamba chili kunyanja komweko. Mukaona mzere wonyowa pamiyala pamwamba pa madzi, kulibe mvula, kulibe mphepo, dziwani kuti madzi anali pamenepo ndipo akutsika. Mukaona zibuma za ayezi zonse zikuyenda mbali imodzi, kulunjika kukhoma, dziwani kuti pansi patseguka. Mukaona zimenezo, siyani chilichonse chimene chili m'manja mwanu, mukauze anthu. Nkhosa yosochera tidzaipeza mawa. Munthu wotengedwa ndi madzi aja sitimupeza."

"Tamva, malume," anatero Pilu.

A Enok anatulutsa m'thumba masiwiti awiri, n'kupatsa aliyense yake, ngati kuti anali akadali tiana ta mkaka. Kenaka anawauza kuti achoke pamaso pawo, akuwatchingira dzuwa.

3. Mwala wotuluka khosi

Anawoloka chigwa dzuwa likukwera. Chinali chotakata, mchenga ndi nsangalabwi zokhazokha, chodulidwadulidwa ndi timitsinje tosaya ta madzi otuwa. Pena madzi ankalekeza m'maondo mwa mahatchi, pena m'ziboda basi.

Atafika kutsidya, a Sofus anagawa ntchito. Gulu lalikulu linayenera kusesa mapiri a m'munsi, kukumana pa kanyumba ka abusa kamene kali pachitunda, ndi kuyamba kuwoloka dzuwa likangopendeka. A Sofus anauza Pilu ndi Kunuk kuti gululo siliwadikira. Nkhosa zambiri zimayenda mwaulesi, ndiye anawo akawapeza pakati pa chigwa. Wailesi ya m'manja imodzi anaipereka kwa Kunuk, ina n'kutsala nayo iwo.

Kumtunda zinthu zinamuyendera Pilu. Khofi sankathamanga, koma mapiri amenewo ankawadziwa ngati khola lake. Ankangoima mwadzidzidzi n'kulozetsa makutu kukhwawa, ndipo Pilu akasuzumira ankapeza nkhosa zili mwakachetechete ndi ana awo. Iye ankaziimbira likhweru pang'onopang'ono, izo n'kumatuluka zokha. Pofika masana anali ndi gulu loti munthu akaliona patali ankaliyesa chipale.

Kunuk ankamveka uku ndi uku akukuwa, hatchi yake ili thukuta lokhalokha. Nkhosa zikamuona zinkathawira pamwamba penipeni pa matanthwe. Pamene asuweniwo anakumana pa mtunda woyang'ana kunyanja kuti adye, zake zinali zochepa zoti n'kuziwerenga ndi zala. Anati palibe kanthu, zake n'zonenepa, imodzi iziwerengedwa ngati ziwiri.

Anakhala pathanthwe n'kumasula buledi ndi nsomba zouma. Pansi pawo Nyanja Yothawa inali ndii, yobiriwira motuwa, zibuma za ayezi zazikulu ngati nyumba zikuyandama. Kumapeto kwake kunali khoma la ayezi, lalitali, la mitsempha yabuluu.

Pilu anasiya kutafuna. Kuzungulira nyanja yonse, pamwamba pa madzi, miyala inali yakuda ngati wina waipaka ndi burashi. Kumwamba kunalibe mtambo. Mphepo kunalibe, moti ngakhale ubweya wa nkhosa umene unakola pa chitsamba sunkagwedezeka. Koma tizibuma ting'onoting'ono tonse tinkayenda mwakachetechete kulunjika kukhoma, ngati nkhosa zolowa pachipata.

Anamugwira Kunuk pamkono n'kumulozera. Kunuk anati zimenezo n'zachabe: chibuma chikagumuka kukhoma chimautsa mafunde, mafundewo ndi amene anyowetsa miyala.

Pilu anavomera kuti mwina n'zoona. Kenaka analoza mwala wina wozungulira pafupi ndi gombe, umene nsonga yake yokha ndiyo inkaoneka pamwamba pa madzi. Anati auyang'ane mwalawo mpaka atamaliza kudya. Ngati ndi mafunde, mwalawo ukhala momwemo.

Anadya maso ali pamwalapo. Pamene Kunuk ankapukuta manja pa buluku, mwala uja unali utatuluka mutu wonse ndi khosi lomwe.

Kunuk anatulutsa wailesi n'kuitana. Inangolira ngati mchenga wothiridwa m'chitini. Anakwera pamwala wina, n'kuyesanso, koma phiri linali pakati pa iwo ndi a Sofus.

"Ababa anati zimayamba pang'ono," anatero Kunuk, mawu ake atatsika. "Mwina zitenga masiku. Titsike ndi nkhosa zathu bwinobwino, tikawauza tikawapeza."

"Tikawapeza pakati pa chigwa," anayankha Pilu.

Onse awiri ankadziwa kuti nkhosa za ana sizitsika phiri mothamanga. Ankadziwanso kuti munthu mmodzi sangakuse magulu awiri; woti achoke, nkhosa zake zibalalika. Kunuk anati iye sasiya zake chifukwa cha mwala.

"Ndipo usaiwale, msuweni, tinagwirana chanza. Ukafika kumunsi chimanjamanja, fosholo ndi yako. Ukakapezanso mtsinje uli phee, a Jokum adzakuseka mpaka tsiku la ukwati wako."

Pilu anayang'ana gulu lake, limene linali litagona mwamtendere pa udzu wofiira. Kenaka anaimirira, n'kukoka lamba wa chishalo kuti alimbe.

Anamuuza Kunuk kuti akamatsika atsikire kukanyumba, asayerekeze kulowa m'chigwa. Kunuk analonjeza, n'kuwonjezera kuti amusungira fosholo ya chogwirira chosalala. Pilu asanazimiririke kuseri kwa thanthwe, anacheuka kamodzi. Nkhosa zake zinali zitayamba kale kudzuka, ina kulowera uku, ina uko.

4. Chimanjamanja

Njira yachidule yotsikira kukanyumba inali yoipa. Pena Pilu ankatsika pahatchi n'kumaikoka, miyala ikugubuduka pansi pa mapazi ake. Pa dambo lina anatitimira mpaka m'chiuno, ndipo anatuluka atagwira mchira wa Khofi, nsapato imodzi itadzaza matope. Koma atafika pa udzu wosalala, gogo uja anachita zimene palibe anamuonapo akuchita. Anagwetsa makutu n'kuliyatsa liwiro, mimba ikugwedezeka uku ndi uku, Pilu atakakamira chishalo ndi manja awiri.

Atatulukira pachitunda, anaona kuti watsala pang'ono kuchedwa. Nkhosa zinali zitadzaza mtsetse wonse, zikulira, ndipo zakutsogolo zinali zitaponda kale mchenga. A Sofus anali patsogolo pa hatchi yawo yotuwa.

Pilu anadutsa pakati pa nkhosa akukupiza chipewa. Atafika kwa bambo ake, mpweya unali utamuthera.

"Ababa, nyanja ikutsika. Ndaona mzere wonyowa, ndaonanso mwala ukutuluka. Musawoloke."

Abusa anasonkhana. Onse anayang'ana kamtsinje kamene kanali patsogolo pawo. Kanali chimodzimodzi ngati m'mawa, kosaya, kakuyenda mwaulemu. Wina anati madzi sanasinthe n'komwe mtundu. Wina anati kuseri kwa phiri kukubwera mitambo, ndipo akachedwa awoloka mvula ikuwamenya. A Jokum anamuyang'ana Pilu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati nkhosa zake wazibisa m'matope amene wavalawo.

A Sofus sanaseke. Anamufunsa mwana wawo mafunso ochepa: mzerewo unali wautali bwanji, mphepo inalipo kapena ayi, zibuma zinkalowera kuti. Pilu anayankha zimene anaona, osawonjezera. Pamene sanali kudziwa, ananena kuti sakudziwa.

Pamenepo a Sofus anakumbutsa anzawo chinthu chimene onse ankachidziwa koma anali atachiiwala chifukwa cha changu. Madzi a nyanja ija akathawa satulukira mbali ino ya lilime la ayezi. Amatulukira mbali ya kumudzi. Kamtsinje ka pafupi kakhoza kukhala phee, pamene wa kutsidya wadzaza kale. Munthu angadziwe zimenezo atafika pakati, nkhosa zili mbuu kumbuyo kwake.

Anatenga wailesi n'kuitana kumudzi. A Enok anayankha msangamsanga ngati ankangodikira. A Sofus anawapempha kuti akwere thirakitala, apite kukhonde la phiri kumene chigwa chimaonekera, akaone mtsinje wa mbali yawo.

"Mpaka alamu anga atayankha, palibe chiboda choponda mchenga," anatero a Sofus. "Bwezani nkhosa."

Kubweza nkhosa zimene zanunkhiza kale kwawo si masewera. Agalu anathamanga mpaka malilime kulendewera. Abusa anang'ung'udza, ena motsitsa, ena mokweza. Pilu anagwira nawo ntchitoyo osayang'ana munthu kumaso.

5. Fungo la dzira

Nkhosa zonse zitabwerera pachitunda, panalibenso chochita koma kudikira. Wina anayatsa chitofu m'kanyumba n'kutereka khofi. Anthu anakhala pa udzu, atatsamira zishalo, akuyang'ana chigwa chimene chinali chete ngati tebulo.

Thirakitala ya a Enok inali yokalamba kuposa Khofi, ndipo njira yopita kukhonde la phiri inali yokhotakhota. Nthawi inapita. A Jokum anapeza mpata wabwino. Anasimba za mlenje wina amene anathawa chimbalangondo tsiku lonse, n'kudzazindikira kuti chinali chikopa chimene mkazi wake anayanika. Posimbapo ankamutsinzinira Pilu diso. Anthu anaseka, ndipo Pilu anasekako pang'ono, ngakhale makutu ake anali atatentha.

A Sofus anamupatsa kapu ya khofi wothira shuga wambiri. Kenaka anakhala pansi pafupi naye.

Oyamba kudziwa anali agalu. Anadzuka onse pamodzi, n'kuyamba kulira chapansipansi, michira ili pakati pa miyendo. Kenaka kamphepo kozizira kanawomba kuchokera ku ayezi. A Jokum anali pakati pa nthano ina. Anaima, n'kukwinya mphuno, n'kufunsa kuti ndani wabwera ndi mazira a chaka chatha.

Palibe anaseka. Nthawi yomweyo wailesi inalira, ndipo mawu a a Enok anamveka pachitunda ponse.

"Alamu, muli pati? Ngati muli pachitunda, khalani pomwepo. Kuno mtsinje wasanduka phala lakuda. Mwala uja timamangirira mahatchi sukuonekanso."

Posakhalitsa anaziona ndi maso awo. Kutali, pansi pa lilime la ayezi, kunatuluka chinthu chakuda chikufufuma ngati mphika wowira. Phokoso lake linafika mochedwa, lolemera, lomveka m'chifuwa kuposa m'makutu. Timitsinje tating'ono tija tinayamba kugwirana manja, tiwiri kukhala kamodzi, kenaka tonse pamodzi. Zibuma za ayezi zinkagubuduzika ngati migolo, zikuwombana, zikusweka. Malo amene nkhosa zakutsogolo zinaponda aja anamira anthu akuona.

Aliyense ankadziwerengera yekha pamene akanakhala atafika pofika nthawi imeneyo.

A Jokum anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli mawu amene ankawafuna. Kenaka anapita pamene panali Pilu.

"Mwana wa Sofus, pakamwa panga pandithamangira lero kuposa hatchi ya msuweni wako. Undikhululukire." Anavalanso chipewa chija. "Koma ine ndine mboni, ndipo mboni siisintha mawu. Watsika wopanda nkhosa, ndiye ndowe ndi zako. Chokhacho, ndizibwera ndi fosholo yanga Loweruka lililonse."

Pamenepo anthu anaseka. Wina anamumenya Pilu paphewa, wina anamupatsa chokoleti chimene ankachibisira anzake. Khofi naye anapatsidwa buledi wathunthu, n'kumudya osathokoza.

6. Wobwera kuchokera ku ayezi

Zinali zoonekeratu kuti palibe wopita kumudzi mpaka madzi ataphwa. Ena anayamba kukonza m'kanyumba, ena anapita kukatchinga mpata kuti nkhosa zisabwerere kumapiri. Amayi ake a Pilu, a Bolethe, analankhula pa wailesi. Anati mphika wonse wa msuzi wa nyama umene anaphikira abusa audya awiri ndi achimwene awo a Enok, ndipo asadzamve wina akudandaula. Kenaka anafunsa ngati Pilu wavala masokosi ouma. Pilu anayankha kuti inde, uku akubisa phazi lamatope kumbuyo kwa linzake.

Atatsala awiri ndi bambo ake pamwala woyang'ana kuchigwa, Pilu anafunsa ngati nyanja ija yapita mpaka kalekale.

"Ikanakhala yotero bwenzi tikuvina," anatero a Sofus. "Mvetsera. Madzi akatha, ngalande imene aboola pansi pa ayezi imatsala yopanda kanthu. Ayezi amaoneka wouma ngati mwala, koma ndi wolemera, ndipo amayenda pang'onopang'ono ngati phala lolimba. Kulemera kwakeko kumafinya ngalande ija mpaka kutsekeka, monga bala limapolera. Chipale chikadzasungunuka chaka chamawa, madzi adzapeza chitseko chotseka, n'kuyambanso kudikha. Chaka ndi chaka, mpaka idzafikenso m'khosi.

"Ndipo iyi ndi imene timaiona ndi maso. Pansi pa Ayezi Wamkulu pali nyanja zina zimene munthu sanazionepo. Agogo ako, akusaka m'mphepete mwa ayezi, anapeza malo amene kale anali osalala atalowa pansi ngati mbale. Patapita zaka anadutsanso pomwepo, n'kupeza mbale ija yadzaza, ayezi wakweranso. Pansi pake nyanja inali itathawa, kenaka n'kubwerera.

"Tsono usadzanene kuti yathawa, tapuma. Tsiku limene yauma ndi tsiku lomwelo imene yayamba kudzaza. Uziiyendera chaka chilichonse, uzidziwa pamene yafika. Ndipo masiku akubwerawa, anyamata adzafuna kutsikira m'matope ake kukaona zibuma zimene zatsala pouma. Usapite nawo. Matope aja amameza mwendo, ndipo chibuma chimene chakhala pamtunda chimagwa osachenjeza."

Pilu anagwedeza mutu. Mawu akuti anyamata anamukumbutsa msuweni wake. Dzuwa linali litatsikira kumapiri, ndipo Kunuk anali asanaoneke. Anabwereka magalasi oonera patali a bambo ake n'kuyamba kufufuza njira yochokera kumtunda.

Anamupeza pa mtsetse wa miyala, akutsika pang'onopang'ono. Analibe nkhosa ngakhale imodzi. Chodabwitsa kwambiri, ankayenda pansi. Kunuk, amene ankakwera hatchi ngakhale pochoka kunyumba kupita kukhola, anali kutsogolo akukoka chingwe, jekete atavula.

Pilu anapukuta magalasiwo n'kuyang'ananso. Pa hatchi yakuda ija panali munthu. Anavala zofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, jekete ya Kunuk ili pamapewa, ndipo anali atawerama mpaka nkhope kugunda khosi la hatchi. Dzanja lake limodzi linkangolendewera.

Pilu anapereka magalasi kwa bambo ake. A Sofus anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana abusa mmodzimmodzi, amene ankatola nkhuni za zitsamba ndi amene ankamwetsa mahatchi. Onse amene anawoloka chigwa m'mawa uja analipo, kupatula Kunuk.

A Jokum anafika n'kufunsa kuti kwagwanji. Atauzidwa, anati n'zosatheka. Kumtunda kuja kulibe mudzi, kulibe famu, kulibe njira. Kuseri kwa nyanja kuli ayezi yekhayekha mpaka kumene dziko limathera.

A Sofus anaika kapu yawo pamwala, khofi akadali momwemo.

"Pilu, mangira Khofi chishalo," anatero. "Utenge mabulangeti onse ali m'kanyumbamo. Tiye tikawachingamire."